Timalima chaka ndi chaka, nanga njala imalowera pati?

Funso: Ndine mphunzitsi wa pulayimale m'boma la Dedza. Kuyambira ndili mwana ndakhala ndikumva za makuponi ndi feteleza wotsika mtengo. Tili ndi nyanja, tili ndi mitsinje, ndipo anthu athu saopa khasu. Koma ikangofika January ana amachepa m'kalasi, ena amangosinza chifukwa agona ndi njala. Kodi vuto lenileni lagona pati, ndipo dziko losauka ngati lathuli lingachitenji kuti chakudya chizikwanira?

Yankho: Aphunzitsi, mwachita bwino kutchula mwezi, chifukwa yankho langa lagona pomwepo. Ana anuwo sasinza mu June. Mu June pa Chimbiya kapena pa Lizulu ndowa za chimanga zimakhala zili ndandanda, kuchigayo kuli mzere, ndipo utsi umafuka kawiri patsiku pafupifupi khomo lililonse. Makolo ndi omwewo, minda ndi yomweyo. Ndiye tifunse kuti chimachitika n'chiyani kuchokera mu May kukafika mu January. Ndakhala pa ntchito ya ulangizi ndi kafukufuku wa zaulimi kwa zaka zambiri, ndipo maganizo anga ndi akuti dziko lathu lathera mphamvu zake pa thumba la feteleza la mu November, n'kuiwala miyezi yonse imene chimanga chimakhala chachoka kale m'munda.

Ndikuuzeni za mayi wina amene ndinkamuyendera, dzina ndisunga. Munda wake sunkakwana hekitala imodzi, monga ilili minda ya alimi ang'onoang'ono ambiri. Chaka chimenecho mvula inagwa bwino, kuponi anapeza, ndipo atatonola anasoka matumba 20 a makilogalamu 50. Banja lake la anthu asanu linkatha thumba limodzi ndi theka pamwezi, choncho powerengera chimangacho chinali chokwana kukapezana ndi china. Koma tamverani mmene chinathera. Matumba atatu anapita kwa wakatapila amene anamukongoza ndalama yowombolera feteleza uja. Anayi anagulitsa kuti alipire fizi ya mwana wake wa Fomu 2. Venda anali atakoleka sikelo pa nthambi ya mtengo wa mango m'mphepete mwa msewu, ndalama zili m'kachikwama ka m'chiuno, ndipo mayiyo sanafunse n'komwe ngati sikeloyo inali yolungama, poti panalibe wina wogula. Maliro a apongozi ake anadya matumba awiri. Otsalawo anawasanja kuchipinda. Nditapitako mu September, anandiuza kuti ndiike khutu pa thumba. Mkatimo munkamveka kuti tsetsetse, anankafumbwe ali pa ntchito, ndipo nditapisa dzanja linatuluka lili mbuu. Ufa unatha mu November.

Mu December mayiyo anali pa ganyu, kupalira munda wa munthu wina kuti alandire kambale ka ufa, nthawi zina madeya, uku chimanga chake chikumira m'udzu. Mlimi aliyense amadziwa kuti chimanga chikaphonya mpaliro woyamba sichidzabwereranso m'chimake, ngakhale uchithire feteleza. Choncho njala ya chaka chimenecho inadula kale zokolola za chaka chotsatira. Mu January anakagula chimanga pamsika womwe uja anagulitsako, pa mtengo wokwera kwambiri kuposa umene iye analandira. Si iye yekha. Malipoti a mitengo ya chimanga amene bungwe la kafukufuku wa chakudya la IFPRI limatulutsa mwezi ndi mwezi ku Lilongwe amaonetsa kuti zaka zambiri mitengo imagwa pa nthawi yokolola n'kukwera kwambiri dzinja likafika pakati. Alimi athu ambiri, mukawerengera chaka chonse, amagula chimanga chochuluka kuposa chimene amagulitsa.

Tiyambe ndi kasungidwe, poti ndi kamene kali pafupi ndi manja athu. Makolo athu ankasunga chimanga chamakolo ndi makoko ake munkhokwe, ndipo chifukwa cha kulimba kwa njere zake chinkapirira. Zinthu zitatu zinasintha. Mbewu zambiri za haibulidi zimabereka kwambiri koma zimafumbwa msanga. Akuba anachititsa kuti nkhokwe zichoke pabwalo, chimanga chilowe m'nyumba. Ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kunalowa nankafumbwe wamkulu uja kuchokera ku Tanzania, amene amaboola ngakhale chitsononkho ndi mitengo ya nkhokwe yomwe. Mankhwala othira m'matumba amathandiza, koma ena ogulitsidwa m'misika ndi achinyengo, ndipo ambiri amathira mochepa poopa mtengo. Njira imene ine ndimaikhulupirira ndi matumba osalowa mpweya monga a PICS, amene ali ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja. Mukamanga bwino kukamwa kwake, tizilombo timafa tokha chifukwa chosowa mpweya, popanda mankhwala, ndipo thumbalo mukalisamala kwa makoswe limagwira ntchito zaka zingapo. Chimene chimalepheretsa ambiri ndi mtengo wake wa tsiku logula, umene umabwera pa nthawi imene mlimi ali ndi ngongole zina. Ngati boma limatha kutsitsa mtengo wa feteleza kuti chimanga chibereke, sindiona chimene chingaliletse kutsitsa mtengo wa thumba loti chimangacho chifike mu February.

Pamenepa pali nkhani ina ya chuku. Chimanga kapena mtedza zikayanikidwa padothi, kapena zikasokeredwa zisanaume, zimachita nkhungu imene imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu saoneka ndi maso, satha ndi kuphika, ndipo amawononga chiwindi. Ena amawaza mtedza madzi kuti usweke mosavuta kapena ulemere pa sikelo, osadziwa kuti akuitana chuku. Mtedza wa Malawi kale unkagulidwa kwambiri ku Europe, koma malamulo okhwima okhudza poizoniyu ndi amodzi mwa zimene zinatitsekera msika umenewo. Chowawa n'chakuti mtedza wokanidwa pamsika ndi umene umasinjidwa kukhala nsinjiro za phala la mwana.

Komabe thumba labwino palokha silikanamupulumutsa mayi uja. Iye sanagulitse chifukwa choopa anankafumbwe, anagulitsa chifukwa ankafuna ndalama mu May. Apa ndi pamene banki mkhonde ndi makopaletivi ali ndi ntchito yaikulu kuposa imene timawapatsa. Gulu likakhala ndi nyumba yosungiramo mbewu, membala akhoza kusiya matumba ake n'kulandira ngongole yaing'ono, chimangacho n'kudzagulitsidwa mitengo itakwera, kapena iye mwini n'kudzachiwombola. Bungwe loyendetsa msika wa mbewu la ACE linayesa njira yotereyi ya malisiti a mbewu zosungitsa, ndipo NASFAM, bungwe la alimi ang'onoang'ono, yakhala ikusonkhanitsa alimi kuti azigulitsa pamodzi. Vuto ndi lakuti chiwongola dzanja cha kubanki n'chokwera, nyumba zosungirazo zili kutali ndi midzi yambiri, komanso kusunga kuli ndi ngozi yake: pali zaka zimene mitengo siikwera.

Zimenezi zikundifikitsa pa msika, pamene ine ndimaona kuti boma lili ndi mlandu waukulu. ADMARC inakhazikitsidwa mu 1971, ndipo akuluakulu amakumbukira nthawi imene msika wake unkatsegulidwa mbewu zikangouma. M'zaka zapitazi ndalama zogulira zakhala zikutuluka mochedwa, mavenda atasesa kale m'midzi, kotero kuti mtengo umene unduna umalengeza kuti mlimi asagulitse pansi pake umangokhala wa papepala. Mu 2022 bungweli linafika poimitsidwa kaye n'kuchotsa antchito. Nkhokwe za dziko, zimene NFRA, bungwe la boma losunga chakudya, imayang'anira kuyambira mu 1999, ndi chinthu chofunika kwambiri, ndipo tinaphunzira zimenezi mowawa pamene chimanga cha m'nkhokwezo chinagulitsidwa njala ya 2001/02 itatsala pang'ono kufika, anthu n'kumadya zitsa za nthochi. Nkhokwe ngati za ku Kanengo ziyenera kudzazidwa mu May ndi June, pogula kwa alimi mitengo ili pansi, ndi kutsegulidwa motsatira lamulo lodziwika kwa aliyense mitengo ikapyola malire. Zikatero mlimi amapeza mtengo wabwino pokolola, wogula amapeza mtengo wabwino m'dzinja.

Palinso chizolowezi chotseka ndi kutsegula zipata mosadziwitsa anthu. Kuletsa kutumiza chimanga kunja kumamveka ngati kuteteza osauka, ndipo chaka cha njala ndimakumvetsa. Koma mu 2017 dziko linakolola bwino chiletso chidakalipo, mitengo inagwa pansi, ndipo alimi amene anagula feteleza ndi ndalama zawo anataya. Mlimi wamkulu amene angalime mahekitala ambiri a chimanga akaona zotere amasamukira ku mbewu ina, ndiye chaka chouma chikafika palibe wotsala ndi chapadera. Chaka chomwecho alimi a nandolo a ku Mulanje, Phalombe ndi Zomba anaona zofanana kuchokera kunja: India, amene ankagula nandolo wathu wambiri, anaika malire pa nandolo wolowa m'dziko lake, ndipo mitengo kuno inasweka. Pangano la mu 2021 lolola Malawi kutumizako matani 50,000 pachaka linathandiza, koma msika wa wogula mmodzi ndi wosadalirika. Kunena zoona, zaka zambiri chimene chimapulumutsa chigawo cha kummwera ndi chimanga cholowa pa njinga kuchokera ku Mozambique kudzera ku Muloza, ndi china cha ku Tanzania ndi Zambia. Malonda amenewa tiyenera kuwafewetsa.

Tsopano za makuponi amene mwatchula. Ine sindili m'gulu la onyoza sabuside. Pamene Bingu wa Mutharika anayambitsa ndondomeko ya feteleza wotsika mtengo mu 2005/06, dziko linali litangotuluka m'chaka china cha njala, ndipo zokolola zinakweradi, mvula nayo itathandiza, mpaka mu 2007 tinagulitsa chimanga ku Zimbabwe. Mu 2020 boma la Lazarus Chakwera linabweretsa ndondomeko ina yotereyi yotchedwa AIP, thumba n'kumagulidwa pa K4,495. Koma feteleza wathu pafupifupi yense amachokera kunja, amadutsa pa madoko monga Beira ndi Nacala, ndipo amalipiridwa ndi madola amene timawapeza makamaka pa fodya. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022 mitengo inakwera pa dziko lonse, kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May chaka chomwecho, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Chiwerengero cha olandira chinatsika, ndipo m'midzi thumba limodzi limagawidwa pakati pa mabanja angapo kuti pasakhale chidani. Mayiko a mu Africa anagwirizana ku Maputo mu 2003 kuti aziika 10 peresenti ya bajeti ku ulimi, ndipo Malawi wakhala akufikapo kawirikawiri. Funso ndi lakuti ndalamazo zimapita kuti. Gawo lalikulu limathera pa feteleza ndi kugula chimanga, pamene mlangizi mmodzi akuyang'anira mabanja opitirira chikwi, ndipo malo a kafukufuku monga Chitedze, Bvumbwe ndi Makoka akuyendera ndalama zochepa.

Choipa china n'chakuti fetelezayo akugwera pa nthaka yotopa. Kafukufuku amene FAO, nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi, inachita ndi boma anapeza kuti mu 2014 dziko lino linkataya pafupifupi matani 29 a dothi pa hekitala iliyonse pachaka. Inu a ku Dedza mumaona mtundu wa madzi a Linthipe mvula yoyamba ikagwa. Umenewo ndi munda wa munthu ukupita kunyanja. Nthaka imene yalimidwa chimanga chokhachokha zaka makumi angapo, mapesi akutenthedwa posaka mbewa, imakhala yopanda chonde chogwira madzi ndi feteleza, ndipo kaufiti amamera mosangalala. Pa nthaka yotere thumba la yureya limabweza matumba ochepa kuposa mmene likanabwezera pa nthaka ya manyowa. Njira zake n'zodziwika ndipo si zodula. Tsikirani ku Golomoti mukaone chimanga cha pansi pa mitengo ya msangu: mtengowu umayoyola masamba mvula ikayamba, ndiye suphimba mbewu, koma umasiya chonde. Alimi a ku Ekwendeni, pogwira ntchito ndi akatswiri kuyambira cha m'ma 2000, anaonetsa kuti kubzala nandolo ndi mtedza m'munda umodzi, n'kukwirira masangwi ake, kenaka n'kubzalapo chimanga chaka chotsatira, kumakweza zokolola komanso kumaika ndiwo pa mbale ya mwana. Feteleza wa Mbeya, wosakaniza ndowe, madeya, phulusa ndi feteleza wa kusitolo pang'ono n'kuvundikira kwa masabata atatu, wafala chifukwa alimi eni ake aona kuti amatambasula thumba limodzi. Zonsezi zimafuna munthu wofika pamunda n'kuonetsa, ndipo munthu ameneyo ndi mlangizi uja tamusiya wopanda njinga.

Za nyanja mwanena zoona, ndipo n'zopweteka. Timadalira mvula ya miyezi inayi kapena isanu, imenenso yasiya kudalirika. Namondwe wa Idai anatipeza mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu March 2023 anakokolola midzi ndi minda ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, ndipo chaka chotsatira ng'amba ya El Niño inachititsa kuti maboma 23 mwa 28 alengezedwe kuti ali pa ngozi, anthu pafupifupi 5.7 miliyoni n'kufuna thandizo la chakudya. Pakati pa zonsezi pali ntchemberezandonda zachilendo zimene zinafika mu 2016/17 ndipo sizinachokenso. Ntchito yaikulu ya ngalande ya ku Shire Valley, yotenga madzi pa Kapichira kuti ithirire mahekitala opitirira 40,000 ku Chikwawa ndi Nsanje, ndi yoyenera. Koma masikimu akale monga Domasi, Likangala ndi Muona atiphunzitsa kuti kumanga ngalande n'kosavuta kuyerekeza ndi kuisamalira, ndipo sikimu ya Bwanje kwanu komweko imadalira kuti mapiri a kumtunda akhale ndi mitengo. Ine ndimaika chiyembekezo chachikulu pa madimba: kagulu ka alimi khumi, chitsime, pampu ya sola, ndi msewu woti galimoto ifike. Chimanga cha kudimba chobzalidwa mu August chimacha nthawi yomwe ija nkhokwe zayamba kupepuka.

Pali mbali ina imene sitikonda kuimva. Kwathu kuno munthu akadya mbatata kapena mpunga amati wagona ndi njala poti sanadye nsima. Chimanga n'chosapirira ng'amba ikachipeza chikumasula ngayaye, pamene chinangwa, mapira ndi mbatata zimapirira. Anthu a ku Nkhata Bay ndi kondowole wawo sadzidzimuka ndi mitengo ya chimanga monga timachitira ife. Ndipo ngakhale chaka cha chimanga chambiri, mimba yodzaza nsima siikuza mwana. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015/16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Mbatata zofiira mkati monga Zondeni ndi Kadyaubwerere, nyemba, soya, dzira limodzi, usipa wosinjira m'phala, ndi zimene zimasintha chiwerengero chimenecho. Dedza ali ndi mwayi wa kachewere, nyemba ndi masamba, koma pitani pa Lizulu nthawi ya tomato wambiri muone madengu akuwola chifukwa palibe pomuphikira kuti asungike.

Chomaliza pa zovuta ndi malo. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni, wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni, ndipo dziko silinakule. Munda ukagawidwa kwa ana asanu, aliyense amatsala ndi kachigamba kamene ngakhale atakalima bwino bwanji sikangadyetse banja ndi kulipira fizi. Ena mwa ana amene muli nawo m'kalasimo sadzakhala alimi, ndipo adzadya pokhapokha ngati kudzakhale ntchito zoyenga mafuta a mpendadzuwa, zogaya soya, zonyamula ndi kusunga mbewu. Pamene ntchitozo zisanabwere, ndalama za Mtukula Pakhomo, zimene zinayambira ku Mchinji mu 2006, zikafika pa nthawi yake mu December zimalola mayi ngati uja kupalira munda wake m'malo mwa wa mnzake.

Mwina mukufunsa kuti nanga inu, amene simuli nduna, mungachitenji. Phala la kusukulu limagwira ntchito, ndipo amene aona sukulu zothandizidwa ndi Mary's Meals, bungwe limene linayambira ntchito yake m'dziko lino mu 2002, akudziwa mmene kapu imodzi imabwezera ana m'kalasi. Ngati sukulu yanu ilibe wokuthandizani, musadikire January kuti muitane makolo, chifukwa nthawi imeneyo alibe chopereka. Aitaneni mu May pamodzi ndi amfumu. Gwirizanani kuti banja lililonse libweretse ndowa imodzi ya chimanga chouma bwino, amene ali ndi soya kapena mtedza abweretseko pang'ono, ndipo munda wa sukulu ubzalidwe mbatata ndi soya osati chimanga chokha. Pemphani mlangizi wa dera lanu adzaonetse makolowo kamangidwe ka matumba osalowa mpweya pabwalo la sukulu pomwepo, kuti amene angakwanitse akachitenso kunyumba. Lembani zonse m'kaundula amene aliyense angathe kumuona, makiyi a chipindacho asungidwe ndi anthu atatu osiyana, ndipo matumbawo akhale pa mathabwa, osagunda khoma, kufikira teremu yachiwiri itatsegulidwa mu January.